Galimoto ikakalamba, alipire ndani?

Galimoto yatsopano imatuluka kwa ogulitsa ili ndi lonjezo. Kampani yomwe idaipanga imalemba kuti chinthu chikaonongeka chifukwa cha kapangidwe kake, idzakonza yokha popanda kulipiritsa mwini wake. Lonjezo limeneli, lomwe amalonda amalitcha waranti, limakhala ndi malire ake: kawirikawiri zaka 3 kapena 5, kapenanso makilomita 100,000, malinga ndi chomwe chayamba kukwana. Magalimoto ambiri amene amayenda pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay, kapena pa msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota, adafika kuno lonjezoli litatha kalekale. Ma Probox, ma Sienta ndi ma Hiace amenewa adayenda zaka za unyamata wawo ku Japan, ndipo adatsika sitima ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban ali achikulire.

Ku Japan kuli lamulo loti galimoto ikayezedwe ikakwanitsa zaka 3, ndipo kuchokera pamenepo iziyezedwa pakatha zaka 2 zilizonse. Kuyezetsako n'kodula, choncho eni ambiri amaona kuti n'kwapafupi kugulitsa yakaleyo n'kugula ina. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, lidalengeza mu 2020 kuti pakati pa 2015 ndi 2018 magalimoto ang'onoang'ono ogwirapo kale ntchito okwana 14 miliyoni adatumizidwa kunja kuchokera ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, ndipo ambiri mwa iwo adapita ku maiko osauka. Dziko la Kenya sililola kulowetsa galimoto yoposa zaka 8. Malawi adasankha njira ya msonkho: galimoto ikakhala yakale kwambiri, msonkho wake ku MRA umakwera. Palibe amene angatsutse ubwino umene magalimoto amenewa abweretsa. Mphunzitsi, namwino ndi wamalonda amene sakadaigula yatsopano lero ali nayo yawo, ndipo chambo chophedwa usiku ku Senga Bay chimafika pa msika wa ku Lilongwe m'mawa womwewo.

Komabe chitsulo chimatha. Chikatha pamene kampani idachotsapo kale dzanja lake, mtengo wokonzera umagwera munthu wina. Mwini galimoto angathe kuulipira yekha, angathe kuuchedwetsa, angathenso kuukankhira kwa mnzake amene sakudziwa kanthu. Apa ndi pamene nkhani ya galaja imasanduka nkhani ya chikumbumtima: kodi ndani ayenera kulipira ukalamba wa galimoto?

Chifukwa chake kukonza kumadula

Pafupifupi chipangizo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja ndipo chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Kutanthauza kuti chipangizo cha madola 100 chidachoka pa K118,000 kufika pa K170,000 tsiku limodzi, osawerengera msonkho, mayendedwe ndi phindu la wogulitsa. Pamene madola akusowa ku banki, amalonda amawagula modula kwina, ndipo mtengowo umafika pa kauntala. Malipiro a mwini galimoto sadakwere motero.

Dera la kunyanja nalonso limakalambitsa galimoto msanga. Msewu wa M14 wochokera ku Lilongwe ndi wa makilomita pafupifupi 100, ndipo ukadutsa ku Mvera umatsetsereka kuchoka ku mapiri a Dowa kufika ku chigwa, kutsika mamita oposa 500. Potsika, mabuleki amatentha. Ngati mafuta a mabuleki ndi akale, amakhala atamwa chinyezi, ndipo akatentha kwambiri amawira, phazi n'kumangolowa pansi galimoto osaima. Pobwerera, galimoto yodzaza ndi madengu a usipa kapena matumba a mpunga wa ku Lifuwu imakwera chitunda chomwecho pa dzuwa la October, injini ikuphika. Fumbi ndi mchenga wa kugombe zimatseka sefa ya mpweya, maenje amadya mashoko ndi matayala, ndipo madzi odontha ku nsomba zaziwisi amachititsa dzimbiri pansi pa galimoto.

Vuto laling'ono limabala lalikulu. Kapaipi ka radiyeta kakang'ambika, madzi amatha, injini imatentha, mutu wake n'kupindika, ndipo chomwe chikadatha ndi kapaipi kamodzi chimafuna kumasula injini yonse. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Magalimoto a masiku ano ali ndi zovuta zawonso. Giyabokosi ya mtundu wa CVT ikafa, kawirikawiri pamafunika ina yathunthu. Batire lalikulu la galimoto yoyendera petulo ndi magetsi, monga Aqua kapena Prius, limatha mphamvu ndi zaka. Matenda ena sadziwika popanda kulumikiza kompyuta. Chipangizo chikasowa pa Salima, munthu amakwera minibasi kukachisaka ku Malangalanga kapena ku Biwi mu Lilongwe, ndipo masiku onsewo galimoto ili pa miyala, siikubweretsa kanthu.

Makomo anayi

Mwini galimoto akalephera kusenza yekha mtengo umenewu, pali makomo anayi amene amakonda kukautula.

Khomo loyamba ndi la m'nyumba mwake momwe. Ndalama yokonzera giyabokosi imachokera penapake: ku fizi ya mwana, ku feteleza, ku mpamba wa geni ya mayi, ku banki m'khonde, mwinanso kwa akatapila. Ngati galimotoyo ndi imene imadyetsa banja, kuikonza kungakhale kwanzeru ndithu. Koma pali magalimoto ena amene ntchito yawo yaikulu ndi kusunga ulemu wa mwini wake, kuti asaoneke akutsika minibasi pa ukwati kapena pa maliro. Kufuna ulemu si tchimo. Cholakwika chimayamba pamene bambo atenga ndalama ya banja mobisa, mayi n'kudzazindikira tsiku lotsegulira sukulu. Amene adzagone ndi njala chifukwa cha chisankho ali ndi ufulu womva za chisankhocho chisanachitike.

Khomo lachiwiri ndi la makaniko. Ambiri amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango, ali ndi anyamata awiri kapena atatu ophunzira ntchito amene amayembekezera kangachepe madzulo. Mwini galimoto amapeza ndalama ya chipangizo chifukwa m'sitolo sakongoza, koma ya ntchito ya manja amati, "Achimwene, ndikuonani mwezi ukatha." Mwezi umatha, foni osayankhidwa. Munthu amene wagona pa dothi tsiku lonse pansi pa galimoto ya mnzake wakongoza thukuta lake, ndipo kumuzemba n'kumudyera. Mbali inayo ilinso ndi mlandu wake. Makaniko amadziwa zimene mwini galimoto sadziwa, ndipo nzeru imeneyi ingasanduke msampha: kutchula matenda amene palibe, kuika chipangizo chakale n'kulipiritsa mtengo wa chatsopano, kuchotsa chabwino m'galimoto ya uyu n'kukaika mwa wina. Makaniko wokhulupirika ndi amene amatha kunena kuti, "Bwana, tisabisane, iyi tikaikonza pano ikafera pena," ngakhale akudziwa kuti mawu amenewa amulanda ntchito ya sabata yonse.

Khomo lachitatu ndi la okwera ndi oyenda pansi. Apa ndi pamene kusunga ndalama kumasanduka kuika moyo wa ena pachiswe. Mwini minibasi akasiya matayala osalala kuti ayendebe mwezi wina, kapena akamanga ndi waya chitsulo cha chiwongolero, ndalama imene wapulumutsa ili m'thumba mwake, pamene ngozi yake aisenza mayi amene wakwera ndi mwana kumbuyo, wakabaza amene ali m'mbali mwa msewu, ndi ana obwera ku sukulu. Palibe mmodzi wa iwo amene adafunsidwa. Lamulo limafuna kuti galimoto ikhale ndi chiphaso cha COF chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pa msewu. Wobwereka matayala a mnzake tsiku lokayezetsa n'kuwabweza madzulo amapeza pepala, koma pa mtsetse wa ku Mvera chimene chimaimitsa galimoto ndi mabuleki ndi matayala enieni amene ali pansi.

Khomo lachinayi ndi la wogula. Makaniko akanena mtengo woopsa, maganizo oyamba amene amabwera ndi akuti, "Ndiigulitse isanafe." Njira zake n'zodziwika: kuthira oyilo wolimba kuti utsi ndi phokoso zichepe, kuzimitsa kanyali kochenjeza, kuliza injini wogula asanafike kuti asaone mmene imavutira m'mawa, kubweza m'mbuyo nambala ya makilomita. Wogulayo nthawi zambiri sakhala mlendo. Amakhala mnzake wa ku ntchito, wachibale, kapena munthu wa mu mphakati womwewo amene watenga penshoni yake kuti ayambe geni yonyamula anthu. Pakatha masabata atatu, bilu ija imamupeza.

Kavalo wotsimphina

Funso la wogulitsa ndi lakale kuposa galimoto. Thomas Aquinas Woyera, amene adakhala ndi moyo kuyambira 1225 mpaka 1274, adalifunsa m'buku lake la Summa Theologiae: kodi wogulitsa ali ndi udindo woulula chilema cha chinthu chimene akugulitsa? Zitsanzo zake zidali kavalo, nyumba ndi chakudya. Adasiyanitsa chilema choonekera ndi chobisika. Ngati kavalo ali ndi diso limodzi, aliyense akuona, ndipo wogulitsa sakakamizidwa kulengeza malinga watsitsa mtengo moyenera. Koma ngati chilemacho n'chobisika ndipo chingathe kuononga chuma cha wogula kapena kuika moyo wake pangozi, monga kavalo wotsimphina wogulitsidwa ngati wothamanga kapena nyumba yofuna kugwa yogulitsidwa ngati yolimba, kukhala chete n'chinyengo, ndipo wogulitsa ayenera kubweza zimene mnzake wataya.

Muyeso umenewu ukugwira bwino pa galimoto. Penti wosuluka, mpando wong'ambika ndi galasi losweka ndi diso limodzi la kavalo: wogula akuziona ndipo adzanenerera mtengo. Giyabokosi imene imayamba kuterereka ikatentha, injini imene imamwa madzi ikafika pa chitunda, ndi chitsulo cha pansi chimene chidawotchereredwa pambuyo pa ngozi sizioneka pa ulendo woyesera wa mphindi khumi. Zimenezi wogulitsa ayenera kuzitchula ndi pakamwa pake. Kunena kuti "sadandifunse" sikumasula munthu, pakuti wogula sangafunse za chinthu chimene chabisidwa dala kuti asachiganizire.

Akatswiri a zachuma adafika pa mfundo yofanana podzera njira ina. Mu 1970 George Akerlof wa ku America adalemba za msika wa magalimoto ogwirapo kale ntchito, ndipo mu 2001 adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi anzake awiri chifukwa cha kafukufuku wa mtundu umenewu. Adaonetsa kuti pamene wogulitsa akudziwa zambiri kuposa wogula, wogula amakayikira galimoto iliyonse ndipo amapereka mtengo wotsika. Mwini galimoto yabwino akaona mtengowo amaleka kugulitsa, pa msika n'kutsala zoipa zokhazokha. Choncho wobisa chilema amabera anthu awiri: amene wamugulitsa lero, ndi munthu woona mtima amene adzafune kugulitsa yake mawa koma palibe womukhulupirira.

Nanga wosauka atani?

Wina angatsutse, ndipo kutsutsa kwake n'komveka. N'kwapafupi kulankhula za mabuleki atsopano kwa munthu wa malipiro a pa mwezi. Amene ali ndi kagalimoto kamodzi konyamula anthu kuchoka pa boma kupita ku Lifuwu kapena ku Chipoka, akakaimika, madzulo ake kunyumba sikuphikidwa. Akanena chilema chonse pogulitsa, ndalama imene apeze siikwana n'kugula njinga yamoto. Iyenso mwina adapusitsidwa ndi amene adamugulitsa. Ndipo anthu a m'midzi ya kutali ndi tala angasankhe galimoto yokalamba kusiyana ndi kunyamula wodwala pa njinga. Kodi chilungamo chikufuna kuti wosauka ndiye ataye zonse?

Ziyenera kuvomerezedwa kuti kunena zoona kuli ndi mtengo, ndipo nthawi zina mtengowo ndi wowawa. Palibe lonjezo lakuti woona mtima adzapeza wogula wabwino mawa lake. Komabe umphawi wa mwini galimoto suchotsa umphawi wa amene akumukankhira vutolo. Okwera kagalimoto ka ku Lifuwu si anthu olemera, ndipo wogula galimoto yotsika mtengo amaigula chifukwa ndi yokhayo imene angakwanitse. Amene adapusitsidwa akudziwa bwino kuwawa kwake, ndipo kupusitsa wachitatu kumangowonjezera banja lina pa mndandanda wa olira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chilungamo sichifuna kuti galimoto ya wosauka ikhale yangwiro. Chimafuna kuti asiyanitse zilema. Pali zimene zimavutitsa: chitseko chotsegulira kunja, windo losatsika, sitata yofuna kukankha. Izi zingadikire, ndipo okwera amaziona n'kusankha okha. Pali zimene zimapha: mabuleki, matayala, chiwongolero, nyali za usiku. Ndalama ikakhala yochepa, iyambire pamenepa, ndipo ngati ngakhale izi sizingatheke, galimoto iime kufikira zitatheka. Tsiku limene yaima banja litaya ndalama ya tsikulo, zomwe zingabwezeredwe. Moyo wa munthu wogundidwa pa msewu subwezeredwa ndi chipepeso chilichonse.

Kudziwa polekera

Kukonza chinthu chakale ndi khalidwe labwino. Amakaniko a kuno amayendetsa magalimoto amene kwina akadaphwanyidwa kalekale, ndipo luso limenelo ndi loyenera ulemu. Koma kusamala kungasanduke kukakamira. Munthu amati, "Ndaikamo kale ndalama zambiri, sindingaisiye tsopano." Ndalama zimene zidalowa chaka chatha sizibwerera, kaya galimoto ikonzedwe kaya isakonzedwe. Chofunika kuyeza ndi cha kutsogolo: ndalama imene ikufunika lero idzagula miyezi ingati ya ulendo wabwino, ndipo ikadagwira ntchito yanji kwina? Amene amalemba m'kope zonse zimene galimoto yadya pa chaka, pamodzi ndi masiku amene idaima, nthawi zambiri amapeza yankho losiyana ndi limene mtima wake umamuuza.

Yankho likakhala lakuti yafika pothera, njira zoyera zilipo. Angaigulitse monga ilili, atatchula matenda ake onse, kwa makaniko kapena kwa wina amene ali ndi njira yoikonzera. Angaigulitse zipangizo, injini payokha, zitseko pazokha, thupi n'kupita kwa ogula zitsulo. Ndalama yake idzakhala yochepa poyerekeza ndi ya chinyengo, koma adzatha kukumana ndi wogulayo pa msika kapena pa khomo la tchalitchi popanda kuyang'ana kumbali.

Kwa amene galimoto yake ikadali ndi mphamvu, nkhanga zidapangana kusanapse. Waranti ya kampani si mphatso yaulere: mtengo wake umakhala utawerengeredwa kale pa mtengo wa galimoto yatsopano. Wogula yakale adalipira zochepa chifukwa adavomera kusenza yekha zimene kampani ikadasenza. Ndiye kuti pa ndalama iliyonse imene galimoto yabweretsa, gawo lina ndi la matayala, oyilo ndi mabuleki a mawa, ndipo wodya yonse lero wadya ndalama ya ngongole imene tsiku lake lobweza lidzafika. Mwini minibasi amene amafuna kuti dalaivala abweretse ndalama yonse ya tsiku koma osapatula yokonzera, n'kumadzudzula dalaivalayo galimoto ikafa, wakankhira udindo wake kwa wantchito.

Wogula nayenso ali ndi mbali yake. Atenge makaniko wake, ayendetse galimoto mpaka itenthe, aikweze chitunda, afunse mafunso molunjika. Ndipo akakumana ndi wogulitsa amene waulula chilema, asachite ngati wapeza pomufinyira. Munthu wonena zoona akamalangidwa ndi mtengo wonyoza, anzake oona amaphunzira kukhala chete.

Pa magalimoto ambiri a m'mbali mwa nyanja palibe kampani ya ku Japan imene idzayankhe chinthu chikaonongeka. Chimene chidalowa m'malo mwa waranti ndi mawu a anthu: a mwini galimoto kwa mkazi wake pa za ndalama, a makaniko pa chimene waikamo, a dalaivala kwa okwera pamene akuti "tiyeni, ili bwino," ndi a wogulitsa kwa wogula. Aliyense amene ali ndi makiyi m'thumba Lamulungu lino angadzifunse mafunso awiri asanalize injini. Kodi pali chilema chimene akuchidziwa iye yekha? Ndipo chikadzaphulika, adzalipira ndani?